Chumuni chimene simuyatsamonso moto: mutseke bwanji kuti khoma lisanyowe?

Nyumba imene tikukhalamo ku Leeds, m'dziko la England, ndi ya njerwa zofiira, imodzi mwa zija zogundana khoma ndi khoma kuchokera kumtunda kwa msewu mpaka kumunsi, zomangidwa cha m'ma 1900. Amene anakhalako ku Leeds, Manchester, Nottingham kapena Leicester akuzidziwa, ndipo ambiri a ife ochokera kumudzi timayambira m'nyumba zoterezi poti ndi zimene thumba limakwanitsa. Chaka chathu choyamba, chisanu chitangolowa, pakhoma la chipinda cha ana panatuluka banga lofiirira ngati tiyi wotayikira pansalu. Linali m'mwamba, pafupi ndi siling'i, pa chikhoma chotumphuka chija chimene mkati mwake mumadutsa njira ya utsi. Tinapaka penti, linabwerera. Tinagula penti ina yodulirapo, koma patangotha milungu itatu banga lija linatulukiranso, ulendo uno ndi kafungo ka mwaye wonyowa kamene kamakulandira ukangotsegula chitseko m'mawa.

Mmisiri woyamba amene tinamuitana ananena kuti chinyezi chikuchokera pansi ndipo pafunika kubaya mankhwala m'munsi mwa khoma. Banga lili m'chipinda cham'mwamba, mankhwala akabayidwe pansi? Mtima unakana. Wachiwiri anali bambo wachikulire wosesa machumuni. Iye asanalowe n'komwe m'nyumba anaima kutsidya kwa msewu n'kuyang'ana padenga kwa kanthawi. Atalowa anagogoda khoma lija ndi nkhonya n'kufunsa kuti venti ili kuti. Panalibe venti. Mwini wakale anatseka poyatsira moto ndi njerwa, n'kupaka pulasitala wosalala bwino, koma chimphika chadothi cha pamwamba pa chumuni anachisiya kukamwa kuli pululu. Bamboyo atagumula njerwa ziwiri m'munsi, munatuluka mwaye wonyowa wonga phala, timitengo ta chisa cha mbalame ndi zigumukira za matope akale, zonse zitaunjikana mpaka kufika m'mawondo. Tinatulutsa ndowa zinayi.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa, kuwerenga ndi kuona zimene anzathu anachita m'nyumba zawo. Njira zilipo zingapo, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu, pa mtengo ndi pa zotsatira zomwe. Koma zonse ndimaziyeza ndi mafunso awiri: kodi mvula yatsekeredwa kunja? Kodi mpweya ukutha kuyenda pang'ono mkatimo kuchokera pansi kukatulukira pamwamba?

Chifukwa chake chumuni chozizira chimanyowa

Nyumbazi anazimanga nthawi imene chipinda chilichonse chinali ndi moto wake wa malasha. Moto unkayaka pafupifupi tsiku lililonse m'nyengo yozizira, choncho madzi aliwonse olowa m'chumuni ankauma okha. Zinthu zinayamba kusintha pambuyo pa chiutsi choopsa chimene chinakuta London mu December 1952 n'kupha anthu zikwi zingapo. Lamulo la Clean Air Act la 1956 linapatsa makhonsolo mphamvu yoletsa utsi m'madera awo, ndipo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 gasi ndi maboila zinalowa m'malo mwa malasha. Moto unazima, koma machumuni anatsala ali chiimire pamvula.

Madzi amalowamo m'njira zitatu. Yoyamba ndi mvula yeniyeniyo. Kukamwa kwa chimphika cha pamwamba kumakhala kotambalala masentimita 20 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kudera longa Manchester kumene mvula imapitirira mamilimita 800 pachaka, kukamwa kumeneku kumatha kumeza malita okwana 30. Ndi chidebe chimodzi ndi theka cha malita 20 chija timatungira madzi kumjigo, kuthiridwa mkati mwa khoma chaka ndi chaka. Yachiwiri ndi mame: mpweya wofunda wa m'nyumba ukakwera n'kukagunda njerwa zozizira za m'mwamba umasanduka madontho, monga zimachitikira kunsi kwa malata m'mamawa wa mwezi wa June.

Yachitatu ndi imene imasokoneza anthu ambiri. Malasha akamayaka amasiya mchere wamitundumitundu m'njerwa ndi m'matope a chumuni. Mchere umenewu uli ndi khalidwe la mchere wa m'khitchini nthawi ya dzinja, umene umanyowa wokha m'mbale ngakhale palibe wauthira madzi. Madzi a mvula akausungunula n'kuufikitsa pa pulasitala, pulasitalayo amayamba kuyamwa chinyezi kuchokera mumpweya wa m'chipinda. N'chifukwa chake banga limaoneka kwambiri tsiku lachinyezi n'kuzimiririka kukacha bwino, ndipo n'chifukwa chakenso penti siithandiza.

Musanagule kanthu

Pali zinthu zofunika kutsimikiza musanatseke chilichonse, ndipo chimodzi mwa izo chimakhudza moyo. Ngati m'chumunimo mukudutsa utsi wa hita ya gasi, kapena wa boila ija yakale yobisika kuseri kwa hita, musaikemo kanthu ngakhale kamodzi. Mpweya wa carbon monoxide umene ungabwerere m'chipinda ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka mawindo: suoneka, sununkha. Hita ya gasi imachotsedwa ndi mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe Register yekha, ndipo paipi yake amaitseka ndi iyeyo.

Kenako tulukani panja muwerenge miphika ya padenga. Poyatsira moto paliponse pali ndi njira yakeyake ya utsi, ndipo m'nyumba zogundanazi mutu umodzi wa chumuni umanyamula njira zanu ndi za aneba, zolekanitsidwa ndi kakhoma kopyapyala ka theka la njerwa. Kuvundikira mphika wa aneba poganiza kuti ndi wanu ndi ngozi yeniyeni, makamaka ngati iwo akuyatsabe moto. M'nyumba yogawidwa mafulati, njira yodutsa m'khoma lanu ikhoza kukhala ya amene ali pansi panu. Wosesa machumuni amayatsa kambulu kotulutsa utsi m'munsi n'kukaona mphika umene ukufuka, basi nkhani yatha. Musesetseni nthawi yomweyo. Ntchitoyi kawirikawiri siifika mapaundi 100, ndipo kutsekera mwaye mkati ndiko kunabala phala lija tinatulutsa ife. Osesa ovomerezeka mumawapeza kudzera ku mabungwe monga HETAS, National Association of Chimney Sweeps kapena Guild of Master Chimney Sweeps.

Mbalame nazo zili ndi lamulo lake. Kambalame konga khwangwala wamng'ono kotchedwa jackdaw kamakonda kumanga m'machumuni, kumangoponya timitengo mpaka tina titakodwa. Lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kuononga chisa chimene chikugwiritsidwa ntchito, choncho kuyambira cha mu March mpaka August muyenera kudikira ana auluke. Mileme ndi yotetezedwa koposa pamenepo. Ndipo mukapeza bolodi lotuwa lolimba kuseri kwa hita yakale, musaliboole kapena kulicheka musanaliyezetse, chifukwa asibesitosi, amene fumbi lake limaononga mapapo, analetsedwa kotheratu ku Britain mu 1999 mokha, ndipo mabolodi ambiri akale a pamoto anali ake.

Zotsekera zochotseka: za amene ali pa lendi

Ngati nyumba si yanu, kapena poyatsira moto mpokongola ndipo mukufuna pazionekabe, njira yanu ndi chotsekera chokankhira m'khosi mwa chumuni. Pali mitundu iwiri yogulitsidwa. Wina ndi chibaluni chapulasitiki chimene mumachilowetsa chili chophwa n'kuchipopa mpaka chigwire makoma onse. China ndi chimkate chokhuthala cha ubweya wa nkhosa chokhala ndi chogwirira, monga chija chotchedwa Chimney Sheep, chopangidwa ndi ubweya wa nkhosa za mtundu wa Herdwick za ku Cumbria.

Pa ziwirizi ine ndimasankha ubweya. Chibaluni chimaphwa pang'onopang'ono kukamazizira, moti pakapita miyezi mumapeza chalendewera kapena chagwa, ndipo kachidutswa ka njerwa kakuthwa kakhoza kuchiboola. Ubwino wake ndi woti chimalowa m'khosi lokhota kapena lopanda mawonekedwe enieni, mmene chimkate sichingakhale bwino. Ubweya suphwa, umaletsa mphepo yamphamvu koma n'kumalola kampweya kudutsa, umachepetsa phokoso la msewu, ndipo umagwira mwaye wogwa. Chofunika n'kuyeza khosi la chumuni ndi tepi musanagule. Valani zovala zantchito, yalani nsalu yakale pansi, unikani ndi tochi, muyeze m'litali ndi m'lifupi pamalo opapatiza, ndipo mugule chokulirapo pang'ono kuti chithine.

Ambiri amangopanira pilo wakale, manyuzipepala kapena majumbo. Ndikumvetsa, poti mphepo yolowera pamenepo mu January imaluma akakolo, ndipo ndalama ya gasi imapweteka. Koma pilo amayamwa madzi n'kuchita chuku, jumbo silipuma n'komwe, ndipo choopsa kwambiri n'choti zinthuzi zimaiwalika. Inu mwasamuka, wina walowa, wayatsa moto tsiku la Khirisimasi. Zogulazo zili ndi kachingwe kolendewera kokumbutsa kuti m'katimo muli chinthu, ndipo kachingweko musakadule ngakhale kakuoneka konyansa.

Chofooka cha njira imeneyi n'choti siikhudza pamwamba. Mvula imalowabe, ndipo tsopano imauma mochedwa poti mphepo yachepa. Ngati muli pa lendi, lembani kalata kwa alandilodi kuwapempha chipewa cha pamphika, ndipo kamodzikamodzi m'chilimwe muzichotsa chotsekeracho kwa milungu ingapo kuti m'katimo mupite mphepo.

Chipewa cha pamwamba

Pa ndalama zonse zimene mungaononge pa chumuni, za chipewa ndi zimene zimabweza phindu lalikulu, ndipo ndikanakhala ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha ndikanayambira pamenepa. Chipewa chabwino chimatchinga mvula ndi mbalame, koma m'mbali mwake chimasiya mpata wa mpweya. Chilipo chachitsulo chomangidwa pamphika ndi lamba womangitsa ndi sikuluwu, chilipo chadothi chokhala ndi timabowo m'mbali chimene chimangolowetsedwa kukamwa kwa mphika, ndipo pa nyumba zina zakale mumaona thailosi lokhota la pamsonga pa denga litavundikiridwa pamwamba, mbali ziwiri zili zotsegula. Chadothi chimagwirizana ndi maonekedwe a nyumba yakale ndipo sichichita dzimbiri. Chachitsulo n'chopepuka ndipo lamba wake amachigwira pamphepo yamkuntho. Thailosi lokhota limalowetsabe mvula yowomba cham'mbali, ndipo popanda waya wa sefa mbalame zimalowa. Zipewa zonsezi ndi za chumuni chakufa chokha, pa chumuni choyaka moto sizololedwa.

Chimene ndimakana ndi chija amachita amisiri ena ofulumira: kuika sileti pakamwa pa mphika n'kumata simenti mbali zonse. Poyamba zimaoneka zaudongo. Koma njerwa za mutu wa chumuni zimayamwabe mvula m'mbali, ndipo madziwo akalowa alibenso potulukira koma m'khoma la kuchipinda kwanu.

Mtengo waukulu pantchitoyi ndi wokwerera, poti chipewa chenichenicho n'chotchipa. Nyumba zina mmisiri amafika ndi makwerero a padenga, zina zimafuna nsanja. Choncho munthu akakwera, aonenso zonse nthawi imodzi: simenti yozungulira tsinde la miphika, imene imang'ambika ndi chisanu, matope a pakati pa njerwa, ndi mtovu wotchinga pamene chumuni chakumana ndi matailosi. Kwathu mtovu unali bwino koma simenti ya pamiphika inali itang'ambika moti chala chinkalowa. Muuzeni ajambule zithunzi pafoni asanayambe ndi atamaliza, chifukwa inu simudzakwerako. Pa nyumba ya matope a laimu, pemphani kuti akonzenso ndi laimu. Simenti yolimba imatsekera madzi m'njerwa zofewa zakalezi, chisanu chikabwera nkhope ya njerwa imasweka.

Kutseka pakamwa: bolodi kapena njerwa, ndi venti

Eninyumba ambiri amafika apa, pofuna khoma losalala loti aikepo TV kapena kabati. Mukhoza kutseka ndi bolodi la pulasitala pa felemu yamatabwa, kapena kumanga ndi njerwa. Bolodi n'lachangu, n'lotchipa, ndipo tsiku lina mukafuna kutsegulanso ndi ntchito ya ola limodzi. Vuto lake n'loti pulasitala wamtunduwu sagwirizana ndi chinyezi, ndipo mwaye ukaunjikana kuseri kwake banga limatulukira msanga. Mzere wolumikizira bolodi ndi khoma lakale umakondanso kung'ambika. Njerwa n'zolimba, zimatchinga phokoso, zimanyamula shelefu, koma ndi ntchito yafumbi ndipo kubweza kwake n'kovuta.

Chilichonse mwa ziwirizi chimafuna venti. Ife akumudzi maventi timawadziwa, aja a pamwamba pa mawindo, ndipo nzeru yake ndi yomweyo. Pano venti imaikidwa m'munsi, pamwamba pang'ono pa thabwa la m'mphepete mwa khoma, yaikulu ngati njerwa imodzi, pafupifupi mamilimita 215 m'litali ndi 65 m'mwamba. Musaiike pansi penipeni, chifukwa zigumukira zogwa zimaitseka pakapita zaka. Ndi bwino kuika yomangidwa ndi masikuluwu, kuti chaka ndi chaka muziimasula n'kulowetsa paipi ya huva, makina oyamwa fumbi aja. Akatswiri osamalira nyumba zakale, monga a bungwe la SPAB limene linayambitsidwa mu 1877, amalangiza zomwezi, kuti njira ya utsi yosagwiritsidwa ntchito izipuma pansi ndi pamwamba.

Pali venti ina yotsekula ndi kutseka ndi kachala. Imaoneka yanzeru, koma m'nyumba zonse zimene ndalowamo ndimaipeza yotseka, poti wina anamva kamphepo tsiku lina n'kuikankha, osaitsegulanso. Ine ndinasankha yosatsekeka. Kamphepo kake n'kochepa kwambiri chipewa chikakhalapo pamwamba. Mukafuna kudziwa ngati ikugwira ntchito, gwirani kapepala kopyapyala ka tishu patsogolo pake: kakakokedwa n'kumata pa venti, mpweya ukukwera.

Ndipo kumbukirani kuti njira iliyonse imafuna venti yake. Venti ya pabalaza siithandiza njira ya chipinda cham'mwamba, ngakhale zili m'chikhoma chimodzi. Kwathu tinaika zitatu.

Njirayi ili ndi otsutsa, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Amati venti ya m'chipinda imatumiza mpweya wofunda wodzaza nthunzi m'chumuni chozizira, ndiye mame aja amachuluka m'mwamba, komanso kutentha kumene mwalipira kumathawira kunja. Pa chumuni cha pakati pa nyumba, chimene mbali zake zonse zimafundidwa ndi zipinda zanu ndi za aneba, vutoli ndi laling'ono, ndipo kuyenda kwa mpweya kumaumitsa koposa mmene kumanyowetsera. Koma kukhitchini ndi kubafa ndimagwirizana nawo. Mmene timaphikira ife, nyemba zikubwata maola atatu, madzi a nsima ali pamoto, nthunzi yonseyo siyenera kulowa m'chumuni. Kumeneko pamafunika fani yotulutsira nthunzi panja, ndipo chumuni chipumire kwina.

Venti ya kunja, pa nyumba ya kumapeto kwa mzere

Kwina kumeneko ndi kunja, ndipo njira iyi anthu ochepa amaidziwa. Ngati chumuni chanu chili pakhoma lakunja, monga nyumba ya kumapeto kwa mzere kapena yoima payokha, mmisiri akhoza kuchotsa njerwa imodzi kunjako, m'munsi mwa njira ya utsi, n'kuikapo njerwa yamabowo. Mbali ya m'chipinda mumatseka kotheratu, ndipo kuseri kwa chotsekeracho mumaika zotchinga kuzizira. Mpweya wakunja umalowa pansi, umakwera, umatulukira pa chipewa, osakhudzana ndi mpweya wa m'nyumba. Palibe kamphepo pa akakolo, palibe fungo la mwaye tsiku lotentha pamene mpweya umatsika m'malo mokwera, palibe nthunzi ya m'nyumba yokanyowetsa m'mwamba.

Pamene njirayi ikutheka, ndimaiika patsogolo pa zonse. Chofunika kusamala n'choti chikhoma cha chumuni chimazizirirapo, poti mkati mwake mukuyenda mpweya wakunja, ndipo njerwa yolekanitsa chipinda ndi njirayo ndi yopyapyala. M'chipinda chachinyezi chuku chikhoza kumera pamenepo, makamaka kuseri kwa kabati yogunditsa kukhoma. Siyani mpata wa dzanja pakati pa kabati ndi khoma, kapena muike bolodi lotchinga kuzizira pa chikhoma chonsecho.

Kudzaza njira yonse

Ena amatseka pansi, n'kuthira timibulu topepuka ta dothi lowotcha kapena ta mwala wotchedwa vermiculite kuchokera pamwamba mpaka njira itadzaza, kenako n'kumata. Maganizo ake ndi oti popanda mpata palibe mame. Pa chumuni chimene mutu wake wachotsedwa kale ndipo chathera pansi pa denga, zimatha kuyenda. Pa chumuni chimene chikadali pamvula sindingalimbikitse. Madzi akapeza polowera, timibuluto timawasunga ngati siponji, ndipo kuchotsa kwake ndi chintchito. Kakhoma kolekanitsa njira yanu ndi ya aneba kamakhalanso ndi mabowo m'nyumba zambiri za zaka zoposa 100, moti zimene mukuthira zikhoza kukathera m'njira yawo.

Kugwetsa

Kutsitsa mutu wa chumuni mpaka pansi pa denga n'kufolera ndi matailosi kumathetsa nkhani ya mvula mpaka kalekale, ndipo mutu ukakhala wopendekeka kapena wophwanyika kwambiri, nthawi zina kumatchipa kuposa kuumanganso. Njira zotsalazo zimathera m'denga, pamwamba pa siling'i. Apa pali msampha: mukazisiya zotsegula uku venti ya m'chipinda ilipo, nthunzi ya m'nyumba imakathera pa matabwa ozizira a denga n'kuwaoletsa. Zimafunika kuzilumikiza ku thailosi lokhala ndi venti kuti mpweya utulukire panja. Ngati mutuwo ndi wogawana ndi aneba, simungaugwetse nokha popanda iwo kuvomera.

Kuchotsa chikhoma chonse m'chipinda kuti mupeze malo ndi nkhani ina, ya mapaundi masauzande. Njerwa zotsala m'mwamba zimalemera kwambiri ndipo ziyenera kuchirikizidwa, kawirikawiri ndi mtanda wachitsulo wowerengeredwa ndi injiniya. Pamafunika chilolezo cha oyang'anira zomangamanga, ndipo ku England ndi Wales, khoma likakhala logawana, lamulo la Party Wall etc. Act la 1996 limafuna kuti aneba muwadziwitse polemba miyezi iwiri ntchito isanayambe. Nyumba ikakhala pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa, kapena m'dera losungidwa maonekedwe ake, funsani kukhonsolo musanakhudze ngakhale mphika. Mukamagula nyumba, kwerani m'denga ndi tochi: mukaona chumuni m'mwamba koma m'chipinda cha pansi pake khoma lili lathyathyathya, funsani mapepala a ntchitoyo. Pogulitsa, loya wa wogula adzakufunsani omwewo. Kungofuna kuthetsa banga sikufika pogwetsa, poti chipewa ndi venti zimachita zimenezo pa kachigawo kochepa ka mtengowo.

Za kumudzi, mwachidule: nyumba zakale za ku Zomba, ku Dedza ndi za m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje nazo zili ndi machumuni, ndipo ambiri amayatsidwa masiku a chiperoni okha kapena anasiyidwa kalekale. Kumeneko mame si vuto lalikulu, adani ndi mvula ya dzinja, njuchi ndi mileme. Wowotcherera aliyense akhoza kupanga kachipewa ka lata koima pa timiyendo tinayi, kozunguliridwa ndi waya wa sefa, ndipo pakamwa pa m'nyumba pamangofunika kabolodi kamabowo.

Zimene zimatsala mukatseka

Chumuni chotsegula chinali chikutulutsa mpweya wa m'nyumba usana ndi usiku popanda inu kudziwa. Mukachichepetsa, nyumba imafunda, koma chinyezi chimene chinkathawira kumeneko chimatsala. Mwezi woyamba titatseka, mawindo a kuchipinda anayamba kunyowa ndi mame m'mawa kuposa kale. Zovala zoyanika pa rediyeta zimathira madzi ake onse mumpweya wa m'chipinda. Tinayamba kuyanikira kubafa fani ikuzungulira, kuvundikira mapoto, ndi kutsegula timaventi ta pamwamba pa mawindo, ndipo zinakhazikika.

Banga nalo silichoka lokha. Khoma limauma mochedwa, amisiri akuno amati inchi imodzi pamwezi, ndiye musathamangire kupaka penti. Kwathu tinadikira kuyambira April mpaka September. Mbali yaikulu inauma, koma pakati penipeni, pamene mchere unalowerera, pankadabe tsiku lililonse lamvula. Pamenepo mmisiri anagumula pulasitala mpaka panjerwa, kupitirira malire a banga ndi chikhatho chimodzi ndi theka mbali zonse, anakhoma chipepala chapulasitiki chokhala ndi timatuza cholekanitsa njerwa zamchere ndi pulasitala watsopano, kenako anaika bolodi n'kusalaza. Akanapaka pulasitala wamba mwachindunji panjerwapo, mchere ukanatulukiranso chisanu chotsatira. Bedi la mwana wamng'ono tinalibwezera pakhoma lomwelo mu October, ndipo venti ili kumiyendo kwake ndimaimasula kamodzi pachaka, masika, kutulutsamo kamwaye kosadzaza n'komwe kapu.